Mwana wanga sakhazikika akamalemba homuweki: ndimuthandize bwanji?

Mayi wa ana awiri analemba kuti:

Ndabwera kwa inu, makolo anzanga ndi aphunzitsi amene mumawerenga pano, kuti mundigawireko nzeru pa nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa miyezi ingapo tsopano. Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 9 amene ali m'chaka chachinayi ku pulayimale, ndipo madzulo aliwonse nthawi ya homuweki ikakwana, m'nyumba mwathu mumayamba kukokanakokana. Ntchito imene aphunzitsi ake amati ingathe m'mphindi 30 imatitengera maola awiri, ndipo masiku ena timakagona isanathe.

Ndifotokoze za dzulo kuti muone mmene zimakhalira. Anakhala patebulo, anatsegula kope la masamu, analemba deti ndi nambala ya funso loyamba, kenako ananena kuti pensulo yabuntha. Anaisongola mpaka nsonga inathyoka kawiri. Atakhalanso pansi anapempha madzi akumwa, atamwa anapita kuchimbudzi, ndipo atabwerako anayamba kudula labala yake tizidutswa ting'onoting'ono n'kumatindandalika m'mphepete mwa tebulo. Patatha mphindi 40, pakopepo panali deti ndi nambala ija basi. Ndinamukalipira, iye analira, ndipo masamuwo tinawamaliza ine ndikumuuza zoti alembe, zimene ndikudziwa kuti sizinamuthandize konse.

Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti mwana yemweyu akayamba kujambula magalimoto kapena kumanga zidole zake amatha ola lathunthu osadzuka, moti ngakhale ndimuitane samva. Ndayesa kumulanda zidolezo, ndayesa kumulonjeza mphatso, ndayesanso kukhala pambali pake kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, koma palibe chasintha. Mlongo wake wa zaka 13 amalemba yekha popanda kumukakamiza, ngakhale kuti nayenso amachedwa chifukwa foni imakhala pambali pa kope. Kodi mnyamatayu ndi ulesi chabe, kapena pali chimene ine ndikulakwitsa?

Mphunzitsi wopuma pantchito anayankha kuti:

Amayi, ndinaphunzitsa ana a msinkhu umenewu kwa zaka zambiri, ndipo mwana wosongola pensulo mpaka kuithyola ndamuonapo nthawi zosawerengeka. Musanaganize za ulesi, ndikupemphani muyang'anenso funso loyamba lija. Mwana wanu analemba deti ndi nambala mosavuta chifukwa zimenezo amazidziwa, ndipo anaima pamalo enieni pamene ntchito inayamba kumukulira. Kawirikawiri pensulo, madzi ndi chimbudzi zimakhala njira zothawira chinthu chimene mwana sakudziwa poyambira pake, ndipo mwana wa zaka 9 angalolere kukalipiridwa kuti ndi waulesi kusiyana n'kuvomera pamaso pa mayi ake kuti sakumvetsa.

Chifukwa chake n'chakuti munthu akamawerengetsa zinthu m'mutu, amatha kugwira zinthu zochepa kwambiri nthawi imodzi. Mu 2001, katswiri wa za maganizo Nelson Cowan anaunika kafukufuku wambiri pa nkhaniyi ndipo anapeza kuti munthu wamkulu amagwira zinthu pafupifupi zinayi zokha, ndipo mwana amagwira zochepera pamenepo. Tsopano taganizirani mwana amene wapatsidwa samu yogawa 96 ndi 8. Ayenera kukumbukira kuti 8 amalowa kangati mu 9, achotsere, atsitse 6, akumbukire kuti 8 kuchulukitsa ndi 2 ndi 16, ndiponso asaiwale malo olembapo yankho lililonse. Ngati masamu ochulukitsa sanakhazikike m'mutu mwake ndipo akuwerengabe ndi zala, mutu wake umadzaza asanafike pakati pa samuyo, ndipo akabwerera pakope amapeza kuti waiwala pamene anali. Zimenezi zikachitika kangapo, mwana amangoona kope n'kuyamba kufunafuna chothawira.

Choncho lero madzulo musayambe ndi kumuuza kuti aike maganizo pantchito, chifukwa mawu amenewo samuuza chochita. Mupempheni awerenge funso loyamba mokweza, kenako akufotokozereni m'mawu akeake chimene funsolo likufuna. Akalephera kufotokoza, mwapeza pamene pali vuto. Pamenepo lembani samu ina yofanana nayo papepala lapadera, muichite pang'onopang'ono mukulankhula chimene mukuchita, kenako mumusiye achite ya m'kopeyo yekha. Ndinkakondanso kuphimba mafunso ena onse ndi pepala loyera n'kusiya limodzi lokha likuoneka, chifukwa tsamba lodzaza ndi mafunso 15 limamufooketsa mwana asanagwire n'komwe pensulo, pamene funso limodzi amaliona kuti angalithe.

Maola awiri aja ndi ambiri kwambiri, ndipo ndikukulimbikitsani muwadule. Harris Cooper wa ku yunivesite ya Duke ku America, amene wafufuza nkhani ya homuweki kwa zaka zambiri, amagwirizana ndi muyezo woti mwana azilemba homuweki tsiku lililonse kwa mphindi 10 pa chaka chilichonse chimene wakhala pasukulu. Kwa mwana wa m'chaka chachinayi, zimenezo ndi mphindi 40. Iye ndi anzake ataunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2006, anapeza kuti ku pulayimale kuchuluka kwa homuweki sikuyenderana kwenikweni ndi mmene mwana amakhozera, ndipo kugwirizanako kumaonekera bwino ana akafika ku sekondale. Mwana akagwira ntchito moona mtima kwa mphindi 40 koma sanamalize, tsekani kope, mulembe kakalata kwa aphunzitsi ake kofotokoza pamene walekezera ndi chimene chamuvuta. Monga mphunzitsi, ndinkathandizidwa kwambiri ndi kope losamaliza lokhala ndi kakalata kotere kusiyana ndi kope lokhoza zonse limene mayankho ake anachokera kwa kholo, chifukwa kope lachiwirilo linkandinamiza kuti mwanayo wamva ndipo ndinkapitirira naye ku mutu wina.

Bambo wa atsikana atatu anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene aphunzitsi anena, koma sindikufuna kuti amayi aganize kuti nthawi zonse vuto limakhala kusamvetsa. Mwana wanga wachiwiri ankamva bwino zonse za m'kalasi, mayeso ankakhoza, koma homuweki inkamutengerabe usiku wonse. Vuto lake linali lakuti ntchitoyo inalibe nthawi yodziwika yoyambira ndi yothera, ndipo tsiku lililonse tinkayamba ndi kukangana kaye ngati nthawi yakwana kapena ayi.

Tinakhala naye pansi n'kugwirizana ola limodzi lokhazikika, ndipo ndinamulola kuti asankhe yekha pakati pa nthawi ziwiri zimene ndinamupatsa. Sitinasankhe nthawi imene wangofika kumene kuchokera kusukulu, chifukwa mwana amene wakhala pampando tsiku lonse amafunika adye, athamangethamange kaye, ndiyeno abwerere ku makope. Asanakhale pansi amayamba wapita kuchimbudzi, amatunga madzi m'kapu n'kuika patebulo, ndipo amasongola mapensulo awiri. Zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma zimatseka njira zonse zimene mwana wanu anadutsamo dzulo lija popanda inu kukalipa.

Chachiwiri ndi wotchi. Pali njira imene Francesco Cirillo wa ku Italy anaiyambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ali wophunzira pa yunivesite, yogwira ntchito kwa mphindi 25 n'kupuma mphindi 5, ndipo anthu amaitcha Pomodoro. Kwa mwana wa zaka 9 mphindi 25 ndi zambiri, choncho ife tinayamba ndi mphindi 10 zokha. Ndinagula kawotchi kolira kamene amakatchera yekha, ndipo kakalira amadzuka ngakhale ali pakati pa chiganizo. Ndinaona kuti mwana amapirira mosavuta ntchito imene akuona mapeto ake. Koma ndikuchenjezeni za nthawi yopumayo, chifukwa ife tinalakwitsa poyamba. Tinkamulola kuonera TV pa mphindi zisanuzo, ndipo kumubweza patebulo kunali kovuta kuposa kumuyambitsa. Tsopano amatuluka panja, amadumphadumpha kapena amathandiza kantchito kena kapakhomo, ndipo amabwerera popanda mkangano.

Za mtsikana wanu wa zaka 13, foniyo ichoke m'chipindamo. Mu 2017, Adrian Ward wa ku yunivesite ya Texas ku Austin ndi anzake anayesa anthu pafupifupi 800 powapatsa ntchito zofuna kuganiza kwambiri. Ena anaika mafoni awo patebulo, ena m'thumba kapena m'chikwama, ndipo ena anawasiya m'chipinda china. Amene anawasiya m'chipinda china ndi amene anachita bwino koposa, ngakhale kuti mafoni onsewo sankalira. Anthuwo anali ophunzira a pa yunivesite, ndipo mwana wa zaka 13 sangapose iwowo pa kudziletsa. Ndiwonjezere kuti foni ya kholo nayonso imasokoneza. Tsiku lina mwana wanga anandifunsa chifukwa chimene ndimamuuza kuti ayang'ane pakope ine ndikuseka zinthu za pa foni pambali pake, ndipo ndinasowa chomuyankha. Kuyambira tsikulo, iye akamalemba ine ndimawerenga buku kapena kulemba zinthu zanga papepala, ndipo TV imakhala yozimitsa m'nyumba yonse, chifukwa mawu a anthu olankhula amamukoka mwana ngakhale akuchokera kuchipinda china.

Namwino wa ana anayankha kuti:

Amayi, malangizo a aphunzitsi ndi a abambowa ndi abwino, koma ndikufuna ndikufunseni za thupi la mwanayo, chifukwa mwana wotopa kapena wosaona bwino sangathandizidwe ndi wotchi. Kodi amagona nthawi yanji, ndipo amadzuka nthawi yanji? Bungwe la madokotala a za tulo ku America lotchedwa American Academy of Sleep Medicine linalangiza mu 2016 kuti ana a zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12 pa tsiku, ndipo a zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Munthu wamkulu akasowa tulo amayasamula n'kumasinza, koma mwana wosowa tulo nthawi zambiri amatakataka, amakwiya msanga ndiponso amalephera kukhala malo amodzi, moti makolo amaganiza kuti ali ndi mphamvu zambiri pamene kwenikweni watopa. Ngati homuweki ya maola awiri ikuchedwetsa nthawi yogona, ndiye kuti vuto la lero likubala vuto la mawa. Bungwe la World Health Organization limalangizanso kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera otulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 60 pa tsiku, ndipo mwana amene sanapeze mpata umenewu amauchotsa pa nthawi ya homuweki.

Muyang'anitsitsenso mmene amawerengera. Ngati amayandikitsa kwambiri nkhope pakope, amatikita m'maso, amatsinzina diso limodzi, amadumpha mizere kapena amadandaula mutu akawerenga pang'ono, mupite naye akamuyeze maso. Ana ambiri sanena kuti sakuona bwino chifukwa amaganiza kuti aliyense amaona choncho. Makutu nawonso ndi ofunika, chifukwa mwana amene samva bwino m'kalasi amafika kunyumba ndi homuweki ya phunziro limene analimva mwapatalipatali. Kuchepa kwa magazi chifukwa chosowa ayironi m'thupi kumachititsanso mwana kufooka ndi kulephera kuika maganizo pa zinthu, ndipo n'kosavuta kuyeza kuchipatala.

Pali mfundo imodzi m'funso lanu imene ndikufuna ndiikonze mwaulemu. Mwanena kuti amatha ola lathunthu akujambula, ndipo mwina mukuona kuti umenewu ndi umboni woti pa homuweki amangochitira dala. Kumira m'chinthu chimene munthu amachikonda n'kosiyana ndi kudzikakamiza kukhala pa chinthu chosasangalatsa. Chachiwirichi chimadalira mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imapitiriza kukhwima mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 25, choncho mwana wa zaka 9 amafunikadi munthu wamkulu womuthandiza kukonza nthawi ndi kugawa ntchito. Ngakhale ana amene ali ndi vuto lotchedwa ADHD, lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kutakataka mopitirira muyezo, amatha kumira kwa nthawi yaitali m'zinthu zimene amakonda. Sindikunena kuti mwana wanu ali nalo, ndipo palibe amene anganene zimenezo asanamuone. Madokotala amaliganizira pokhapokha ngati zizindikirozo zakhalapo kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, zinayamba mwana asanakwanitse zaka 12, ndipo zikuoneka m'malo awiri kapena kuposerapo, monga kunyumba ndi kusukulu. N'chifukwa chake ndikukupemphani mufunse aphunzitsi ake mmene amakhalira m'kalasi. Akakuuzani kuti kumeneko amamvetsera ndipo amamaliza ntchito, ndiye kuti vutoli ndi la madzulo ndi la homuwekiyo. Akakuuzani kuti n'chimodzimodzi, mupite naye kwa dokotala wa ana.

Mayi wa ana awiri analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse chifukwa chondipatsa nthawi yanu. Ndadikira masiku anayi ndisanayankhe kuti ndiyambe ndayesa zimene munanena. Aphunzitsi, munalondola. Nditamupempha kuti andifotokozere funso loyamba, anakhala chete kwa kanthawi, kenako ananena motsitsa mawu kuti sadziwa chochita ndi nambala imene imatsala akagawa. Nditamufunsa kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 n'chiyani, anabisa manja pansi pa tebulo n'kuyamba kuwerenga zala. Mtima unandipweteka kwambiri nditakumbukira mawu onse amene ndakhala ndikumunena. Tinachitira limodzi samu imodzi papepala lapadera, ndinaphimba mafunso enawo, ndipo anachita asanu yekha wotchi isanalire kachiwiri. Awiri analakwitsa, ndipo ndinawasiya choncho n'kulemba kakalata kaja.

Anamwino, nditawerengetsa ndapeza kuti amagona cha m'ma 10 koloko usiku n'kudzuka 5:30 m'mawa, kutanthauza kuti amagona maola 7 ndi theka okha. Tayamba kumugoneka 8 koloko ikangopitirira, ngakhale kuti masiku awiri oyamba anavuta. Aphunzitsi ake ndikakumana nawo sabata yamawa.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Kodi masamu ochulukitsawa ndimuphunzitse bwanji popanda kuwonjezera nthawi ya patebulo, imene kale ndi yolemetsa? Ndiponso ndikangodzuka kupita kukhitchini amasiya kulemba, ndiye kodi ndiyenera kukhala naye pambali mpaka liti? Za foni ya mlongo wake tikukambiranabe, chifukwa akuti amaifuna pofufuza zinthu za kusukulu pa intaneti.

Mphunzitsi wopuma pantchito anayankhanso kuti:

Amayi, ndasangalala kwambiri kumva za mafunso asanuwo, ndipo mwachita bwino kusiya awiri olakwikawo mmene analili. Masamu ochulukitsa musawaike pa nthawi ya homuweki. Kuyambira pa ntchito ya Hermann Ebbinghaus, katswiri wa za maganizo wa ku Germany, mu 1885, zakhala zikudziwika kuti munthu amaiwala msanga chimene waphunzira kamodzi, ndipo amasunga bwino chimene wachibwereza pang'onopang'ono pa masiku osiyanasiyana. Mphindi zisanu tsiku lililonse zimapindulitsa kuposa ola lathunthu kamodzi pa sabata. Dulani timapepala, mulembe funso kutsogolo ndi yankho kumbuyo, ndipo muyambe ndi timapepala tinayi kapena tisanu tokha ta nambala 7. Muzimufunsa mukuyenda naye kapena mukugwira ntchito zapakhomo, ndipo muzimupatsa mpata woti ayese kukumbukira yekha asanatembenuze kapepalako, chifukwa kuyesetsa kukumbukirako n'kumene kumakhazikitsa yankho m'mutu. Kapepala kamene wakhoza masiku atatu otsatizana mukaike padera n'kulowetsa katsopano, koma muzikabweretsanso pakapita sabata.

Pa zochoka pambali pake, musachoke kamodzin'kamodzi. Sabata ino mumuuze kuti achite funso limodzi yekha pamene inu mukupita kukhitchini, ndipo mubwerere pa nthawi imene mwalonjeza, chifukwa akadziwa kuti mukubweradi sadzuka kukufunani. Sabata yamawa akhale mafunso awiri, kenako atatu, mpaka mufike poti mukungoyamba naye n'kudzabwera wotchi ikalira. Mukabwera, mutchule chinthu chenicheni chimene wachita, monga kuti wafufuta yankho lolakwika n'kuyesanso, kapena kuti wakhala pampando mpaka wotchi yalira. Mawu otere amamuonetsa chimene angabwereze mawa, pamene kungomuuza kuti ndi wanzeru kumamuchititsa mantha tsiku limene walakwitsa.

Za mtsikanayo, n'zoona kuti homuweki ina imafuna intaneti, koma si yonse. Mupempheni kuti asanayambe aziyang'ana ntchito yonse ya tsikulo n'kusiyanitsa imene ikufuna foni ndi imene sikufuna. Ayambe ndi yosafuna foni, foniyo ili m'chipinda china, ndipo akakumana ndi mawu kapena mfundo yofunika kufufuza, ailembe m'mphepete mwa pepala n'kupitiriza. Akamaliza atenge foniyo, afufuze zonse zimene walemba nthawi imodzi ali pamalo pamene inu mukumuona, kenako aibweze. Mukakumana ndi aphunzitsi a mnyamatayo sabata yamawa, mutenge kope lija ndi pepala limene munachitirapo samu limodzi, kuti aone okha kuti vuto lili pa nambala yotsala ndi pa kuchulukitsa ndi 7 ndi 8.